Nyumba Siipita Kumsika

Mwezi uno tikambirane za nyumba ndi mitengo yake, pakuti nkhani imeneyi yaloŵa m'makomo ambiri. Masiku ano sipapita nthaŵi yaitali tisanamve pa wailesi kapena kuŵerenga m'nyuzipepala kuti mitengo ya nyumba yakwera, kapena kuti malonda a nyumba aloŵa pansi. Mau otere amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pamwamba pa tsamba, ndipo munthu akangowaona mtima umayamba kugunda. Bambo amene ali ndi puloti ku Mitundu amayamba kuŵerengera m'mutu mamiliyoni amene sanawagwirepo. Mnyamata amene wangoyamba ntchito amataya mtima, nati, "Ine nyumba yangayanga sindidzakhala nayo." Mayi wamasiye amene amuna ake anamsiyira kanyumba ka lendi amasoŵa tulo poganiza kuti kapena agulitse msanga zinthu zisanaipe. Onse atatuŵa amva nkhani imodzi, komatu n'kutheka kuti nkhaniyo siikunena za nyumba ya mmodzi yense wa iwo.

Tiyambe ndi chimanga, chimene tonse tichidziŵa. Chikachuluka ku Mchinji ndi ku Kasungu, nichisoŵa ku Nsanje ndi ku Chikwawa, amalonda amachikweza pa malole kupita nacho kumene kuli njala. Mtengo wa ku Mchinji umakwerako popeza chimanga chikuchokako, wa ku Nsanje umatsikako popeza chikufikako, ndipo ngakhale mitengo iŵiriyo siifanana ndendende, imalondolana. N'chifukwa chake munthu akanena kuti thumba la makilogalamu 50 likugulidwa mwakuti m'dziko muno, mau akewo amakhala ndi tanthauzo. Nanga nyumba, ndani angaikweze pa lole? Nyumba khumi zikakhala zopanda anthu ku Ntcheu, sizingathandize banja limene likusoŵa pogona ku Area 25 mu Lilongwe. Wogula nyumba amaigula pamodzi ndi msewu wodutsa pakhomo, mpopi wa madzi kapena kusoŵa kwake, sukulu ya ana, chigayo, anansi, ngakhale fungo la ngalande ya kuseri. Zonsezi sizisuntha. Motero m'dziko limodzi mumakhala misika ya nyumba mazanamazana, ndipo uliwonse umayenda ulendo wakewake.

Kuti tione bwino chimenechi, tiyeni tipite kutali pang'ono, ku America, kumene anthu amalemba ndi kusunga mtengo wa nyumba zogulitsidwa kwa zaka zambiri. Chiŵerengero chodziŵika koposa kumeneko chimatchedwa ndi maina a aphunzitsi aŵiri a zachuma amene anachikonza, Karl Case ndi Robert Shiller. Iwoŵa anaona kuti njira yabwino ndiyo kutsata nyumba imodzimodziyo, kuti inagulidwa zingati kale ndipo yagulitsidwanso zingati tsopano. Ndi njira yanzeru ndithu, ndipo palibe anganene kuti ziŵerengero zao n'zabodza.

Kuyambira cha m'ma 2000 mitengo ya nyumba ku America inakwera chaka ndi chaka. Mabanki ndi makampani okongoza ndalama anali kupereka ngongole ngakhale kwa anthu amene analibe njira yobwezera, podalira kuti wokongolayo akalephera, iwo adzalanda nyumba ndi kuigulitsa pa mtengo woposa. Mu 2006 kukwera kuja kunaima. Anthu anayamba kulephera kubweza, nyumba zolandidwa zinachuluka pa msika, ndipo mu Sepitembala 2008 banki yaikulu ya Lehman Brothers inagwa, nigwedeza chuma cha maiko ambiri. Pofika kuchiyambi kwa 2012, chiŵerengero cha dziko lonse chinaonetsa kuti mitengo ya nyumba yatsika ndi pafupifupi 27 pa 100 kuchokera pamene inafika mu 2006. Imeneyi ndiyo nambala imene inalembedwa pa mitu ya nkhani.

Tsono tamvani za mizinda iŵiri ya m'dziko lomwelo, pa zaka zomwezo. Mu mzinda wa Las Vegas mitengo inatsika kupitirira 60 pa 100, ndiye kuti nyumba imene munthu anagula madola 300,000 inasanduka ya madola osakwana 120,000, pamene ngongole ya ku banki inakhala chikhalire. Ku Phoenix nako mitengo inatsika kupitirira theka. Koma mu mzinda wa Dallas, m'chigawo cha Texas, inangotsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kupitirirapo pang'ono. Nambala ija ya 27 siinali ya ku Las Vegas, siinalinso ya ku Dallas. Inali ngati kunena kuti munthu amene phazi limodzi lili pa moto, lina lili m'madzi ozizira, akumva bwino pakatikati.

Kusiyana kumeneku kunali ndi zifukwa zake zooneka. Las Vegas ndi mzinda wodalira alendo odzasangalala ndi kutchova juga, ndiponso pa zaka zimenezo anthu ambiri kumeneko anali kudyera ntchito ya zomangamanga. Nyumba zambiri zinagulidwa ndi anthu amene analibe maganizo ogonamo, ofuna kungozisunga miyezi ingapo ndi kuzigulitsanso pa phindu. Chuma chitavuta, alendo anachepa, amisiri anachotsedwa ntchito, ndipo ogula kaamba ka phindu aja anathaŵa onse nthaŵi imodzi. Ku Dallas mitengo siinakwere mopenga poyamba paja, kotero inalibe kutali kogwera. Kunalinso lamulo la ku Texas loletsa munthu kukongola ndalama poikiza nyumba yake ngati chikole kupitirira 80 pa 100 ya mtengo wa nyumbayo, ndipo lamulo limeneli, ngakhale ena analiona ngati lopanikiza, linateteza mabanja ambiri.

Taganizani za munthu wa ku Dallas amene anaŵerenga kuti nyumba zagwa m'dziko lonse, nachita mantha, nagulitsa yake motchipa kwa woyamba kugogoda. Taganizaninso za mnzake wa ku Las Vegas amene mu 2007 anaŵerenga kuti mitengo ya dziko lonse yangotsika pang'ono, nati ino ndiyo nthaŵi yogula. Onse aŵiri anakhulupirira nyuzipepala imene siinaname, ndipo onse aŵiri anapweteka.

Zotere sizichitika pa nthaŵi ya mavuto a dziko lonse pokha. Ku Scotland kuli mzinda wa Aberdeen, kwao kwa Dotolo Robert Laws wa ku Livingstonia uja, umene chuma chake chimadalira mafuta okumbidwa pansi pa nyanja. Pakati pa 2014 mgolo wa mafuta unali kugulidwa madola opitirira 100, koma pofika mu Januwale 2016 unatsika mpaka pansi pa madola 30. Makampani anachepetsa antchito, ndipo mitengo ya nyumba ku Aberdeen inatsika kwa zaka zingapo zotsatana, pamene nyuzipepala za ku London zinali kulemba kuti nyumba zikukwera mu Britain.

Tisanabwerere kwathu, ndi bwino tidziŵe m'mene nambala ya dziko lonse imapangidwira, pakuti chinsinsi chagona pamenepo. Tiyerekeze kuti mwezi uno zagulitsidwa nyumba 10. Zisanu ndi zinai zagulitsidwa K10 miliyoni iliyonse, ndipo imodzi, ya mpanda wa njerwa ndi udzu wothirira, yagulitsidwa K200 miliyoni. Tikaphatikiza tipeza K290 miliyoni, tikagaŵa pakhumi tipeza K29 miliyoni. Wolemba nkhani adzati nyumba ikugulidwa K29 miliyoni, chonsecho mwa nyumba khumizo palibe ndi imodzi yomwe imene yagulidwa pa mtengo umenewo. Mwezi wa maŵa nyumba yaikulu yotere ikapanda kugulitsidwa, nambala idzagwera pa K10 miliyoni, ndipo padzalembedwa kuti mitengo yagwa koopsa, pamene palibe chasintha. Ana a sukulu amene aphunzira masamu a avereji angathe kuwafotokozera makolo ao zimenezi madzulo ano.

Palinso china. Oŵerenga amaŵerenga nyumba zimene zagulitsidwa, ndiponso zimene malonda ake alembedwa m'mabuku. Nyumba imene yakhala ndi chikwangwani chaka chathunthu osapeza wogula siiloŵa m'chiŵerengero, ngakhale kuti ndiyo ikunena zoona zenizeni za dera lakelo. Ndipo pofika tsiku limene nambala isindikizidwa, malonda amene ikuwanena anachitika miyezi ingapo yapitayo.

Kuno ku Malaŵi mfundo imeneyi njolemera kwambiri. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, 16 okha ndiwo anali kukhala m'matauni. Ena onse ali kumidzi, pa malo a makolo, m'nyumba zimene anamanga okha pang'onopang'ono: chaka chino kuumba ndi kuotcha njerwa, chaka cha maŵa kugula malata atagulitsa fodya kapena soya, chaka chinacho kuika mazenera. Nyumba zotere sizidutsa ku banki, ndipo zikasinthana manja, mboni zake amakhala amfumu ndi achibale. Ngakhale m'mizinda, anthu ochuluka amakhala ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chinsapo, ku Mchengautuwa, kumene malonda ambiri amathera pa kapepala kosainirana pamaso pa mfumu ya m'deralo. Tsono mukamva kuti "mitengo ya nyumba m'Malaŵi" yatere, kaŵirikaŵiri akunena za nyumba za makalata a boma, zogulitsidwa kudzera m'maofesi a ogulitsa nyumba, za ku Area 10, Area 43, Namiwawa ndi Nyambadwe. Nambalayo ingathe kukhala yoona kumeneko. Koma ku Lilongwe komweko, Area 47 ndi Mtandire n'zoyandikana, munthu amachoka kwina kufika kwina wapansi, ndipo ndani anganene kuti mtengo wa puloti kumalo aŵiriŵa umayendera limodzi?

Mbiri ya dziko lathu ili ndi zitsanzo zokwanira. Mu 1975 likulu la boma linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Dziko linali lomwelo, ndalama yomweyo, koma ogwira ntchito m'maunduna ananyamula katundu wao kuloŵera chakumpoto, ndipo tchire la ku Lilongwe linasanduka ma Area a manambala amene tiwadziŵa leroŵa. Amene anali ndi malo kufupi ndi likulu latsopano anaona mtengo wake ukukwera iwo osachitapo kanthu. Chimene chinachirikiza Zomba ndi sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College, imene inasamukira kumeneko mu 1973 kuchokera ku Blantyre. Kufikira lero mwini nyumba wa ku Chikanda amayang'ana kalendala ya sukuluyo koposa m'mene amayang'anira nyuzipepala, pakuti ophunzira akatsekera, zipinda zake zimakhala pululu. Chimodzimodzinso eni nyumba a ku Luwinga, pafupi ndi Mzuzu University.

Ku Karonga mgodi wa miyala ya yureniyamu wa Kayelekera unayamba kutulutsa katundu mu 2009. Kunafika antchito olandira bwino, ofuna nyumba za magetsi ndi madzi, ndipo amene anali nazo anapeza alendi osanenerera. Ena poona zimenezi anathamangira kumanga. Koma mu 2011 kunachitika ngozi pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, ku Japan, mtengo wa yureniyamu unatsika pa dziko lonse, ndipo mu 2014 mgodi uja unaimitsa ntchito kwa zaka zambiri. Mwini nyumba wa ku Karonga anakhudzidwa ndi chivomezi cha ku Japan, pamene mnzake wa ku Dedza sanamve kanthu. Ndi mutu uti wa nkhani wonena za Malaŵi yense umene ukadatha kuwauza onse aŵiri zoona?

Ku Mzimba ndi ku Mangochi mukaona nyumba zatsopano za malata oŵala, zambiri zimamangidwa ndi ndalama zochokera kwa ana amene akugwira ntchito ku Joni. Kumeneko mtengo wa puloti umamvera za ku South Africa: ntchito ikapezeka ndipo randi ikakhala ya mphamvu, ogula amachuluka, kukabuka chipwirikiti chothamangitsa alendo, monga chinachitikira mu 2008 ndi mu 2015, ndalama zimaleka kubwera ndipo makoma amaima pa zenera. Ndiponso sitingaiŵale Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, nakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Kuyambira pamenepo munthu wanzeru wofuna malo mu Blantyre amayang'ana kaye kuti phiri lili kuti ndipo madzi amadzera pati. Mapuloti aŵiri a muyeso umodzi, m'tauni imodzi, sangakhalenso ndi mtengo umodzi ngati wina uli m'njira ya madzi.

Tsopano ndinene za chinthu chimene chimasokoneza ambiri, ndicho kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 pa 100, kotero kuti dola imodzi imene inali kugulidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700 ku banki. Tiyerekeze kuti bambo wina anali ndi nyumba ya K30 miliyoni kwacha isanagwe, ndipo itagwa anapeza womupatsa K36 miliyoni. Iye adzasekerera kuti wapindula K6 miliyoni. Koma K30 miliyoni ija inali yolingana ndi madola opitirira 25,000, pamene K36 miliyoni yatsopanoyi siikwana madola 22,000. Adzazindikira tsiku limene adzapite kukagula malata, mipope, mawaya a magetsi ndi utoto, zinthu zimene mtengo wake umatsata dola. Mutu wa nkhani wonena kuti nyumba zakwera nthaŵi zina umangotanthauza kuti ndalama yachepa mphamvu. Ichi chokha ndicho chimafikadi m'maboma onse mofanana, pamodzi ndi chiongoladzanja cha ku banki. Koma ngakhale chiongoladzanjacho chimaluma amene amagula nyumba pa ngongole, osati mlimi wa ku Dowa amene amamanga ndi ndalama za mtedza wake.

Sindikunena kuti tileke kumvera wailesi kapena kuŵerenga nyuzipepala, iai. Nkhani za dziko lonse zimatiuza kumene mphepo ikuloŵera, ndipo n'zothandiza kwa a boma ndi a mabanki amene ayenera kuganizira dziko lathunthu. Koma inu ndi ine sitigula dziko lathunthu. Timagula puloti imodzi, pa msewu umodzi, ndipo kwa ambiri a ife zimenezi zimachitika kamodzi kokha pa moyo.

Ndili ndi mau kwa inu makolo amene muli ndi malo pafupi ndi tauni. Madobadoba adzafika pakhomo panu atanyamula nkhani, ndipo nkhani yao imasintha malinga ndi chimene akufuna. Akafuna kuti mugulitse, adzati mitengo yatsala pang'ono kugwa, gulitsani lero. Akafuna kuti mugule, adzati maŵa zikwera. Iwo amadya pa malonda ochitika, ndiye changu n'chowakomera. Musanayankhe, funsani amene anagulitsadi malo m'dera lanulo chaka chino kapena chatha, kuti analandira zingati m'manja, pakuti mtengo wotchulidwa poyamba ndi wolembedwa pa chikwangwani sindiwo umene umaperekedwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Funsaninso kuti malowo anatenga miyezi ingati asanapeze wogula. Ngati pa msewu wanu pali nyumba zitatu zimene zakhala zikudikira alendi kuyambira nthaŵi yokolola, zimenezo zikukuuzani zambiri kuposa nambala iliyonse yochokera ku likulu.

Ndipo pali funso limene ogulitsa ambiri amalifunsa mochedwa: ndikagulitsa, ndikagona kuti? Ngati mitengo yakweradi m'dera lanu, yakwera kwa inunso pamene mudzafuna kugula kwina m'dera lomwelo. Amene amapindula ndi kukwera kwa mitengo ndi amene ali ndi nyumba yachiŵiri, kapena amene akusamukira kumene zinthu n'zotsika. Mayi wamasiye amene amalandira lendi mwezi ndi mwezi, ndipo lendiyo imakwezedwa zinthu zikakwera, akagulitsa amatsala ndi mulu wa makwacha umene umasungunuka ngati mchere m'madzi, ndipo achibale odzapempha samachedwa kumva.

Kwa inu achinyamata amene mwataya mtima, dziŵani kuti mitengo imene imakuopsani m'nyuzipepala ndi ya nyumba zimene ngakhale akuluakulu ambiri a m'maofesi sangazikwanitse. Msika wanu uli kwina. Uli kumalire a tauni kumene msewu wa phula ndi mapaipi a madzi sizinafike, uli pa maboma ang'onoang'ono ndi pa misika ya m'mbali mwa msewu, kumene puloti ikadali yotheka kwa mphunzitsi kapena namwino wodziŵa kusunga. Chofunika kuphunzira ndicho chimene chimapatsa anthu a pamalopo ndalama. Kodi ndi sukulu, chipatala, fakitale, mgodi, malire a dziko, kapena msika wa fodya? Ngati ndi chinthu chimodzi chokha, kumbukirani Karonga ndi Aberdeen, ndipo mudzifunse kuti chikadzatsekedwa adzatsala ndani wofuna nyumba yanu. Musakongole katapila chifukwa choti mwamva kuti anzanu onse akugula. Katapila amakula mofulumira kuposa mtengo wa puloti iliyonse.

Malo amene mwawakonda mukawaone kaŵiri, kamodzi m'chilimwe ndi kamodzi mu Febuluwale mvula ili pakati, kuti muone ngati galimoto ya mchenga ingafike ndiponso kumene madzi a anansi amathera. Mukacheze ndi amayi a pa mjigo, pakuti iwo amadziŵa chitsime chimene chimaphwa mu Okotobala ndi puloti imene inagulitsidwa kale kwa anthu aŵiri. Ngati malowo ali ndi makalata a boma, pitani nokha ku ofesi yoona za malo kapena ku khonsolo mukatsimikize kuti dzina lolembedwa m'kaundula ndi la amene akukugulitsaniyo. Ngati ndi malo a makolo, amfumu adziŵe, ndipo abale onse a wogulitsayo, makamaka alongo ake ndi atsibweni, avomereze pamaso pa mboni musanatulutse tambala.